Lamba amene amaimitsa ndege yankhondo

Ndege yankhondo ngati F-16 ikamatera mabuleki atakana, woyendetsa amatsitsa ngowe yachitsulo imene ili kunsi kwa mchira. Ngoweyo imakola chingwe chachitsulo chopingasa msewu wa ndege, ndipo ndegeyo imaima isanathe mamita 400. Ambiri amatama chingwecho, koma mphamvu yonse ya ndegeyo imadutsa mu lamba woluka ndi ulusi wa nayiloni.

Chiyambi chake

Pa 18 January 1911, woyendetsa ndege Eugene Ely anatera ndi ndege yake pa sitima yapamadzi ya USS Pennsylvania ku San Francisco. Anamuimitsa ndi zingwe zomangirira ku matumba a mchenga. Nayiloni inabwera pambuyo pake, mu 1935, ku kampani ya DuPont.

Mmene makinawa amagwirira ntchito

Makina ofala pa mabwalo a asilikali a ku America ndi BAK-12. Mbali zonse ziwiri za msewu wa ndege kuli gudumu lalikulu lokulungapo lamba. Nsonga ya lamba aliyense imalumikizidwa ku chingwe chachitsulo chija. Ndege ikakoka chingwe, malamba amavundukuka, magudumu amazungulira, ndipo kuzungulirako kumapopa mafuta amene amapana mabuleki. Mabulekiwo ndi a mtundu wa ndege yoponya mabomba ya B-52. Lamba amatha kutuluka mamita pafupifupi 365, ndipo makinawa amagwira ndege yothamanga kupitirira makilomita 300 pa ola.

Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika kuithetsa imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake ndege yothamangitsa pang'ono chabe imazunza lamba kwambiri.

Chifukwa chiyani lamba, osati waya?

Lamba ndi wafulati, choncho amakulungika mosanjikizana bwino ndipo savuta kuvundukula mwaliwiro. Ndi wopepuka poyerekeza ndi chitsulo. Koposa zonse, nayiloni imatamuka. Pamene ngowe yangokola, kutamukako kumafewetsa kugwedeza koyamba kumene kukanathyola ngowe kapena kudula chingwe.

Chimene chimapha lamba

Apa ndi pamene pagona nkhani. Lamba amatha miyezi ali chigonere kudikira ngozi, ndipo m'miyezi imeneyo ndi mmene amaonongekera. Mbali ya kunsonga imakhala panja: dzuwa limaphwanya ulusi wa nayiloni pang'onopang'ono, lamba n'kufwifwa ndi kuuma. Nayiloni ikamwa madzi imachepa mphamvu. Mchenga umalowa pakati pa ulusi n'kumaucheka mkati nthawi iliyonse lamba akakokedwa, pamene kunja akuoneka wabwinobwino.

Choopsa kwambiri ndi m'mphepete. Lamba akamatuluka amakhula phula la msewu ndiponso zitsulo zomuwongolera. Ulusi wonyamula katundu ndi woyenda m'litali. Wopingasa ntchito yake ndi kumanga unzakewo pamodzi. Wopingasayo akaduka m'mphepete, wa m'litali umayamba kunyotsoka umodziumodzi, ndipo katundu amatsalira ulusi wocheperachepera. Kachilonda ka m'mphepete kamene munthu angakanyoze ndiko kamang'amba lamba yense.

Zimene oluka akukonza

Njira yoyamba ndi kuluka m'mphepete ndi ulusi wina wopirira kukhula, kuti uthe ndi iwowo osati wonyamula katundu. Yachiwiri ndi kumata lamba ndi mankhwala onga utomoni otchinga dzuwa, madzi ndi mchenga. Koma mankhwalawo akachuluka lamba amauma gwaa, sakulungika bwino. Ulusi wolimba kuposa nayiloni ulipo, monga wa Kevlar, koma sutamuka mokwanira ndipo nawonso umaopa dzuwa. Ine ndimaona kuti amene amangofunsa kuti "ulusi wolimba kwambiri ndi uti?" akufunsa funso lolakwika, lamba wabwino ndi amene amakalamba mochedwa komanso moonekera kwa womuyang'anira.

Asilikali amadaliranso maso ndi manja. Amayendera lamba, amadula nsonga yopsa ndi dzuwa n'kulumikiza pabwino, ndipo zaka zake zikakwana amamuchotsa ngakhale akuoneka wamphamvu.

Nanga ife a ku Chigwirizano?

Ndege za asilikali athu n'zonyamula anthu ndi katundu, zilibe ngowe zotere. Koma malamba oluka tili nawo tsiku ndi tsiku: omangira matumba a chimanga ndi mabelo a fodya pa malole odutsa msewu wa ku Likuni, okokera galimoto yofa, ndi a pampando wa galimoto. Ambiri omangira katundu ndi a poliyesita, ulusi wopirira dzuwa ndi madzi kuposa nayiloni, koma m'mphepete amafa mofanana. Zimandidetsa nkhawa kuona lole ikudutsa pakati pa msika, kabaza ali pambali, katundu atagwidwa ndi lamba wonyotsoka amene amulumikiza ndi mfundo. Mfundo imachepetsa kwambiri mphamvu ya lamba. Pamene lamba akudutsa pa ngodya yakuthwa ya bodi ya lole pafunika kuyalapo chidutswa cha tayala kapena saka, ndipo oyendetsa malole akamaliza ntchito azimukutumula mchenga n'kumusunga pamthunzi pouma.