Nthano Ndizo Mbeu ya Mabuku

Agriki akale anali ndi nthano za milungu ndi ngwazi zao, ndipo nthanozo sizinafe pamodzi ndi eni ake. Sophocles anatenga nthano ya Oedipus, munthu amene anapha atate wake mosadziwa, naipanga sewero. Patapita zaka zoposa 2,000, mu 1968, Ola Rotimi wa ku Nigeria analiumbanso sewerolo, nalibveka miyambo ya Ayoruba.

Kwathu kuno ziri chimodzimodzi. Makolo ankati Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene posamuka chimagumula nthaka ndi kusefukiza mitsinje. Chigumula chitaononga Zomba mu 1946, anthu anati Napolo wadutsa. Dzinali linamvekanso mu Marichi 2023, pamene matope a m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe. Steve Chimombo anatola nthano yomweyi, nalemba ndakatulo zochedwa Napolo Poems, zimene zinasindikizidwa mu 1987.

Tsono inu amene mudzaphunzitsa ana a ku Kameza ndi Machinjiri, musapeputse nthano zimene iwo amamva kwa agogo ao. Aloleni azisimbe m'kalasi, pambuyo pake azilembe. Pakuti nthano imene mwana sanaisunge imatsagana ndi nkhalamba kumanda.