Mwana Akati Akufuna Ubusa, Banja Litani?

Sabata lina titaweruka ku mapemphero kuno ku Machinjiri, mayi wina wa Dorika anatikokera pambali nkhope ili yakugwa. Mwana wawo anali atakhoza bwino mayeso a MSCE, ndipo banja lonse linkayembekezera kuti akaphunzira ntchito ya ndalama n'kumathandiza abale ake. Koma mnyamatayo akuti akufuna kukaphunzira za ubusa. "Nanga tidzadya chiyani?" anatifunsa mayiwo. Funso limeneli si lopanda chikhulupiriro ayi. Ndi funso la kholo limene lagulitsa tomato ndi makala zaka zambiri kuti fizi ipezeke.

Achinyamata a mpingo wathu amene amva kuitana kotere amapita ku Lakeview, nthambi ya Malawi Adventist University imene ili kufupi ndi Mlangeni m'boma la Ntcheu. Ambiri amaganiza kuti kumeneko amangophunzira kulalikira. Zoona zake n'zakuti digiri imatenga zaka zinayi, ndipo wophunzira amalimbana ndi Chigiriki ndi Chiheberi kuti awerenge Malemba m'zinenero zimene analembedwera. Amaphunziranso maulosi a Danieli ndi Chivumbulutso, mbiri ya mpingo, kayendetsedwe ka mpingo ndi uphungu wa mabanja. Akamaliza sadzozedwa tsiku lomwelo. Amayamba watumikira zaka zingapo pansi pa abusa achikulire, ndipo nthawi zina amadikira kuti malo a ntchito apezeke. Makolo ayenera kudziwiratu zimenezi.

Komabe mbiri yathu imasonyeza kuti mtumiki wophunzira bwino ndi mdalitso ku mudzi wonse. Mu 1902 mpingo unagula mishoni ya Plainfield ku Makwasa, m'boma la Thyolo, ndipo unatumizako Thomas Branch, mmishonale wachikuda wochokera ku America, pamodzi ndi banja lake. Mwana wake Mabel ankaphunzitsa pasukulu. Mu 1907 malowo anatchedwa Malamulo. Kumeneko guwa, kalasi ndi chipatala zinayendera limodzi, ndipo patapita zaka Malamulo inatchuka chifukwa chosamalira odwala khate, anthu amene ngakhale abale awo ankawathawa. Amalawi nawonso anakhala amishonale. Morrison Malinki anatsegula sukulu kudera la Chileka, pafupi ndi kwathu kuno, ndipo mwana wake James Malinki anakatumikira ku Congo asanakagwire ntchito ku Luwazi ndi ku Lunjika, m'chigawo cha kumpoto.

Umishonale wa lero sufuna pasipoti. Tikukumbukira mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, ndiponso namondwe wa Freddy amene anagwetsa nyumba mu Blantyre m'mwezi wa Marichi 2023. Masiku amenewo mbusa ankafunika kudziwa kutonthoza ofedwa, komanso kuuza banja kuti lithire klorini m'madzi akumwa, lisambe m'manja ndi sopo, ndiponso lithamangire kuchipatala munthu akangoyamba kutsegula m'mimba, osati kungopemphera n'kukhala. Mbusa wosaphunzira angasokeretse anthu pa Malemba ndi pa zaumoyo pomwe, ngakhale ali ndi mtima wabwino.

Tsono banja litani? Poyamba, yesani kuitanako pakhomo. Kodi mwanayo amayendera odwala osatumidwa? Amaphunzitsa Sukulu ya Sabata mokhulupirika? Amasunga ndalama ya wina osaidya? Amene sakutha kutumikira ku Area 10 kapena ku Chirimba sadzasintha chifukwa chovala jekete ku Ntcheu. Chachiwiri, khalani pansi ndi abusa ndi akulu a mpingo, mufunse za fizi, za zoyenereza kulowa sukuluyo, ndiponso za mwayi wa ntchito. Achinyamata ena amapeza gawo la fizi pogulitsa mabuku a mpingo pa holide. Chachitatu, mpingo usasiyire makolo okha katunduyu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Tinawauza mayi aja kuti asamuletse mwanayo, komanso asafulumire kumukweza minibasi. Panopa akuthandiza kutsogolera ana a Pathfinder ndipo amatsagana ndi akulu a mpingo kukaona odwala Sabata masana. Banja likuonetsetsa, mpingo ukuonetsetsa, ndipo nkhani ya fizi yayamba kukambidwa poyera.