Nkoloko yozima muli pakati pothamanga: vuto lili pati?

Amene amadzuka mbandakuca mu Lusaka akudziwa kuti masiku ano mseu si wa mabasi okha. Mu Great East Road, mu Leopards Hill, ngakhale m'makomboni, mudzakumana ndi azibambo a mimba zao ndi azimai ovala matilakisuti akuthamanga, ena cifukwa adokotala anawauza kuti BP yakwela, ena akufuna cabe kucepetsako thupi. Ambili mwa iwo pa mkono pali nkoloko ija yamakono yochedwa smartwatch, imene imawelenga mapazi, kugunda kwa mtima ndi mtunda umene munthu wayenda.

Dandaulo limene timamva kawili-kawili kwa anthu amenewa ndi limodzi. Nkoloko tsiku lonse imagwila bwino, ku nchito ilibe vuto, usiku ilibe vuto, koma ukangoyamba kuthamanga, pakapita mphindi 20 yazima. Nafenso zinaticitikila. Tinanyamuka batili ili pa 45 pelesenti, titafika pa makilomita anai tinayang'ana pa mkono n'kupeza galasi lili bii, ndipo mtunda wonse umene tinathamanga unapita osalembedwa. Cokwiyitsa n'cakuti titafika kunyumba n'kuiika pa chaja, inayaka n'kuonetsa 38 pelesenti ngati kuti palibe cimene cacitika.

Zikatele anzathu ena amathamangila kwa anyamata okonza mafoni mu Katondo Street, ena amangoiponya mu kabati n'kumati anagulitsidwa feki. Tisafulumile abale. Nkoloko izi ndalama zake si zocepa, ndipo kutsegulitsa nkoloko imene ilibe vuto la mkati n'kuiononga, pakuti ikatsegulidwa guluu amene amachinga madzi kambili sabwelela mmene analili.

Coyamba tifunsane: kodi yazimadi? Galasi la nkoloko izi limazima dala kuti lisunge moto, ndipo limayaka mukakweza mkono. Pothamanga mkono umagwedezeka, pagalasi pali thukuta, dzuwa nalo likuwala, conco n'capafupi kuganiza kuti yafa. Dinizani batani. Ikayaka ndipo mphindi zikali kuwelengedwa, palibe mlandu. Ikayaka koma n'kumafunsa nambala yacinsinsi, wolakwa ndi lamba wotayilila, cifukwa nkoloko monga Apple Watch imadzikhoma ikaona ngati yavulidwa. Mangani lamba bowo limodzi kutsogolo, ndipo nkoloko ikwele pang'ono pamwamba pa kafupa ka dzanja.

Onyamula zitsulo ku jimu ndi ocita ma push-up ali ndi cao. Dzanja likapindikila kumbuyo limadiniza mabatani mwini wake osadziwa, maka-maka ngati wavala magolovesi, ndipo batani likadinizika nthawi yaitali nkoloko imayamba kufunsa ngati izime kapena iitane thandizo la pangozi. Mankhwala ake n'kuitembenuza kuti mabatani ayang'ane ku cigongono. Pa Apple Watch mu Settings muli posankha zimenezo kuti manambala asaime cadodolido.

Koma nthawi zambili nkhani ili pa batili, ndipo apa ndiye tikhalitsepo. Mafoni ambili amene tili nao ali ndi batili ya 5,000 mAh. Nkoloko zambili batili yake ili ca m'ma 300 mAh cabe, kanthu kocepa ngati batani la jekete. Mukakhala pa mpando nkoloko imadya moto pang'ono kwambili. Mukadiniza kuti mwayamba kuthamanga, zinthu zingapo zimadzuka nthawi imodzi. GPS imayamba kumvetsela masetilaiti, timagetsi tobiliwila ta kunsi kwa nkoloko timene timapima mtima timayaka osaleka, galasi limawala kwambili kuti lilimbane ndi dzuwa, ndipo ngati mukumvela nyimbo pa Bluetooth ndiye katundu winanso.

Batili ya lithium ikamakalamba sikuti imangosunga moto wocepa. Imayambanso kukanika kutulutsa moto wambili nthawi imodzi. Ikalemedwa, mphamvu yake imene amapima m'mavoti imagwa mwadzidzidzi, ndipo ikatsika kupitilila malile amene anaikidwa, nkoloko imadzizimitsa kuti zamkati zisaonongeke. Katundu uja akacoka, mphamvu imabwelelanso, ndiye cifukwa cake yathu ija inationetsa 38 titaiika pa chaja. Madalaivala nkhaniyi akuidziwa bwino. Batili yakale ya galimoto imaliza wailesi, imayatsa malaiti a mkati, koma ukati ulize injini imangoti kweee n'kukhala cete. Ngakhale kampani ya Apple mu December 2017 inavomela poyela kuti inali kucepetsa liwilo la ma iPhone a mabatili okalamba pofuna kuti asamazime mwadzidzidzi. Matenda ake ndi omwewa.

Kodi batili imakalamba liti? Apple imanena kuti batili ya nkoloko yake inapangidwa kuti ikhalebe ndi 80 pelesenti ya mphamvu yake ikachajidwa modzaza maulendo 1,000. Munthu amene amaithetsa moto ndi kuichaja tsiku lililonse amafika pamenepo zaka zitatu zisanathe. Tsopano kumbukilani kuti ambili a ife nkoloko izi tinagula zogwilapo kale nchito, kapena anatitumizila acibale a kunja atazivala zaka. Kunja imaoneka yatsopano, mkati ndi nkhalamba. Pa Apple Watch pitani ku Settings, kenako Battery, kenako Battery Health, mudzaona nambala yake. Ikatsika pansi pa 80, musavutike n'kufufuza zina.

Nkoloko zina zilibe poonela zimenezi, koma mungaiyese nokha. Ichajeni mpaka 100, zimitsani nyimbo ndi galasi loyaka nthawi zonse, ndipo thamangani njila yanu ya masiku onse. Tsiku lina citani cimodzi-modzi batili ili pa theka. Ngati itadzaza imafika nanu kunyumba koma ili pa theka imakusiyani panjila, batili yatopa. Yesaninso masewela a m'nyumba amene safuna GPS. Ikapilila m'nyumba n'kumazima panja, ndiye kuti katundu wa GPS ndi amene akuigwetsa.

Nthawi zina batili imakhala ikali bwino, wabodza ndi kowelengela mapelesenti. Izi zimacitika kwa anthu amene amachaja pang'ono-pang'ono, mphindi khumi apa, mphindi khumi apo. Isiyeni ithe moto mpaka izime yokha, kenako muichaje osaidukiza mpaka idzaze. Kamodzi kapena kawili n'kokwanila. Musacite cizolowezi, cifukwa batili ya lithium siikonda kufikitsidwa pa zilo.

Kuchaja kodukiza kumeneku ambili tinakuphunzila mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima pafupi-fupi tsiku lonse. Tinathawila ku ma power bank, ndipo pamenepo pali msampha umene ambili sakuudziwa. Nkoloko imakoka moto wocepa kwambili mwakuti power bank imayesa kuti palibe columikizidwa, n'kudzizimitsa yokha pakapita kanthawi. Inu mumagona mukuti ikuchaja, m'mawa mumaivala mothamanga osayang'ana. Ma power bank ena ali ndi njila yochajila tinthu ting'ono-ting'ono, kambili podiniza batani kawili. Ngati yanu ilibe, muziiyang'ana.

Cina coletsa moto kulowa ndi thukuta. Thukuta lili ndi mcele, ndipo mcele umadya tizitsulo tija ta kunsi kwa nkoloko pamene chaja imagwila. Mukaona pamenepo zoyela kapena zobiliwila, tsukani ndi madzi abwino ndi kamswaci kofewa, muumitse bwino musanachaje. Koma musasambe nayo. Zilembo zija zakuti 5 ATM kapena IP68 zimanena za nkoloko yatsopano m'madzi ozizila. Sopo, madzi otentha ndi nthunzi zimafooketsa zochinga madzi, ndipo cinyezi cikalowa nkoloko imayamba misala yozima ndi kuyaka. Mukaona nkhungu mkati mwa galasi, dziwani kuti madzi analowa kale.

Tibwele ku dzuwa lathu. Apple ndi Samsung onse amanena kuti nkoloko zao zambili zimagwila bwino pakati pa madigili 0 ndi 35. Mu October mu Lusaka kutentha kumapitilila 30, ndipo anzathu a ku Mfuwe ndi ku Chirundu amaona kupitilila 40. Cinthu cakuda cimene cili padzuwa cimatentha kuposa mphepo yocizungulila, ndipo nkoloko nayo ikamagwila nchito imatulutsa kutentha kwake. Ikafika poipa imadziteteza: galasi limacita mdima, zina zimatseka mapulogilamu, ndipo Apple Watch imangoonetsa kopimila kutentha kofiila ndi nthawi basi. Imeneyo siinaonongeke. Ivuleni, muiike pamthunzi. Musaiike mu filiji ngati mmene ena amacitila ndi mafoni, cifukwa cinyezi cimapangika mkati. Komanso nkoloko yongocoka pa chaja imakhala yofunda kale, ndipo imene inatsala pa dashibodi ya galimoto masana ndiye yapsa kale musanayambe n'komwe. Kuzizila nako kuli ndi mbali yake. M'mawa wa June ndi July batili yokalamba imafooka msanga, conco ngati yanu imazima m'nyengo yozizila yokha, ivaleni pakhungu mkati mwa dzanja la juzi.

Pali mtundu wina wa kuzima umene ulibe cocita ndi batili kapena dzuwa. Nkoloko imazima n'kuyakanso yokha, cizindikilo ca kampani n'kuonekela, ndipo imatelo ngakhale batili ili yodzaza. Limenelo ndi vuto la pulogilamu. Citsanzo cacikulu cinacitika pa 28 January 2025, pamene eni ake a nkoloko za Garmin m'maiko ambili, monga za Forerunner ndi Fenix, anapeza kuti akangoyamba masewela ofuna GPS nkoloko imazima n'kumangoonetsa kacizindikilo kabuluu ka makona atatu. Colakwa cinali kafailo kamene nkoloko zimalandila kothandiza kupeza masetilaiti msanga, kamene kanatumizidwa koonongeka. Kampaniyo inakonza mbali yake, ambili anacila pongozimitsa nkoloko ndi kuilumikizanso ku foni, ena anacita kufafaniza zonse. Tangoganizani munthu amene tsiku limenelo anapita kukatsegulitsa nkoloko yake kwa wokonza.

Conco yanu ikayamba kuzima ndi kuyakanso yokha, funsani kaye anzanu a nkoloko ya mtundu umenewo ngati nawonso zawacitikila. Kenako iyambitseninso mokakamiza. Pa Apple Watch gwilani mabatani onse awili kwa masekondi 10 mpaka cizindikilo ca apulo cioneke. Pa Galaxy Watch ya Samsung gwilaninso onse awili kupitilila masekondi 7. Pa Garmin zambili ndi batani la Light, pafupi-fupi masekondi 15. Mukatelo onani ngati pali pulogilamu yatsopano yofunika kuikamo, ndipo muiike nkoloko ili pa chaja. Cotsani nkhope za nkoloko zokongola zija ndi timapulogilamu timene munatenga pa intaneti, maka-maka ngati vuto linayamba mutangoziika. Kufafaniza zonse kukhale komalizila, ndipo muyambe mwasamutsila mbili ya masewela anu ku foni.

Nkoloko zochipa zimene zadzaza m'mashopu a m'tauni zili ndi khalidwe lakenso. Zambili zilibe GPS yao-yao, zimabweleka ya foni. Foni ikamasunga moto imatseka pulogilamu ya nkoloko mwakacetecete, ndipo mtunda umaleka kuwelengedwa ngakhale nkoloko ili moyo. Pamenepo kokonza ndi mu foni: iuzeni kuti pulogilamu imeneyo isamaitseke.

Cimodzi cokha ndi cimene sitifuna kuti muyesele. Ngati nkoloko ikutentha mpaka kuocha khungu, kapena galasi layamba kutukuka m'mbali, batili yatupa. Ivuleni pomwepo. Musaichajenso, musamate galasi ndi guluu, musaboole, ndipo musaitaye m'dzenje la zinyalala limene mumayatsa moto, cifukwa imaphulika. Izi si nthano. Mu March 2022 kampani ya Fitbit inaitanitsa nkoloko zake za Ionic pafupi-fupi 1.7 miliyoni anthu ena atapsa nazo pa mkono. Ndipo inu amene mumathamanga nokha kukali mdima modalila kuti nkoloko idzakuitanilani thandizo, maka-maka a BP ndi a shuga, nyamulani foni mpaka vutoli litatha.

Ngati mwayesa zonsezi ndipo nkoloko ndi yatsopano, ibwezeni kumene munagula isanatsegulidwe ndi munthu aliyense, cifukwa ikatsegulidwa wogulitsa amapeza pothawila. Lamulo la 2010 loteteza ogula muno mu Zambia limaletsa kugulitsa katundu woonongeka, limaletsanso zikwangwani zija zakuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo bungwe la Competition and Consumer Protection Commission limalandila madandaulo otele. Vuto n'lakuti nkoloko yamtunduwu pa kauntala imagwila bwino-bwino, ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti ilibe kanthu. Conco musanapite, lembani masiku atatu kapena anai: munanyamuka ili pa mapelesenti angati, inazima patapita mphindi zingati, ndipo inayaka ili pa angati. Jambulani galasi ndi foni ponyamuka ndi pobwela, mutenge pamodzi ndi lisiti.