Udzudzu umene umakwera minibasi kupita ku Joni

Kuno ku Msumba malungo si achilendo. Mwana akatentha thupi usiku, mayi ake amadziwiratu. Kukacha amapita naye kuchipatala kapena kwa APE wa m'mudzi. Amam'baya chala, ndipo pakatha mphindi 20 yankho latuluka.

Koma kuli malo kumene udzudzu wa malungo sukhala. Ku Johannesburg, ku Joni kumene abale athu amakasaka ndalama, ndi kumodzi mwa malo otere. Mzindawu uli pamtunda kwambiri, mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo m'chisanu kumazizira koopsa. Ku South Africa malungo amapezeka m'madera ena a Limpopo, Mpumalanga ndi KwaZulu-Natal, cha kumalire ndi Mozambique ndi Zimbabwe. M'chigawo cha Gauteng, kumene kuli Joni, mulibe.

Komabe nthawi zina munthu wa ku Gauteng amadwala malungo, chonsecho sanapite kwina kulikonse. Zimatheka bwanji?

Akatswiri a bungwe la NICD, limene limafufuza matenda opatsirana m'dzikomo, akhala akutsata nkhaniyi kwa zaka zambiri. Iwo amati udzudzu nawonso umayenda ulendo. Umalowa m'minibasi, m'basi kapena m'lole kudera la malungo. Umabisala pansi pa mpando kapena pakati pa matumba ndi zikwama. Galimoto ikafika ku Joni, chitseko chikatseguka, umatuluka uli ndi njala. Usiku womwewo umaluma munthu wa nyumba yapafupi. Kumeneko ena amawatcha taxi malaria, kutanthauza malungo obwera pa minibasi.

Anthu odwala mwa njira imeneyi ndi ochepa, koma matendawa amawapweteka kwambiri. Chifukwa chake si udzudzu woopsa kuposa wathu ayi. Vuto ndi kuchedwa. Dokotala amafunsa kuti, "Mwapitako kudera la malungo?" Wodwala amati ayi. Ndiye amam'patsa mankhwala a chimfine n'kumubweza kunyumba. Masiku akupita, tizilombo tikuchuluka m'magazi. Ena podzayezedwa amakhala atakomoka kale, ndipo ena amwalira.

Njira yachiwiri ndi ya magazi a munthu. Alipo mayiko amene anathetsa malungo koma udzudzu wa mtundu wa Anopheles unatsala. Munthu akafika ndi tizilombo m'magazi, udzudzu wakomweko umamuluma. Pakatha masiku 10 kapena kuposa, umatha kupatsira wina. Zoterezi zinachitika ku United States mu 2023. Anthu 7 anatengera malungo ku Florida komweko, ndipo wina ku Texas. Panali patapita zaka 20 zimenezi zisanachitike. Ku Cabo Verde, dziko lolankhula Chipwitikizi ngati lathu, malungo anabuka mumzinda wa Praia mu 2017 n'kugwira anthu oposa 400. Dzikolo linalimbana nawo, ndipo mu Januwale 2024 bungwe la OMS linalengeza kuti kulibenso malungo. Koma alendo akufikabe pa ndege ndi pa sitima, ndiye kuyeza sikunathe.

Apa tiyenera kumvetsana bwino, chifukwa alendo kunja amanenedwa zambiri. Malungo sapatsirana pogwirana chanza, podyera mbale imodzi kapena pogona chipinda chimodzi. Pamafunika udzudzu pakati.

Nanga ife a m'mphepete mwa nyanja tichitepo chiyani? Ngati mukukonza ulendo ndipo thupi silili bwino, kayezetseni musanakwere chapa ya ku Lichinga. Akakupatsani Coartem, imwani kwa masiku 3, kawiri pa tsiku, mpaka mapiritsi onse athe. Mukasiyira panjira, tizilombo tina timatsala ndipo mumanyamuka nato. Mukadwala muli ku Joni, musabise kumene mwachokera. Uzani dokotala kuti, "Ndachokera ku Niassa, mundiyeze malungo." Mnansi wanu akatentha thupi kumeneko ndipo mankhwala a chimfine sakumuthandiza, muuzeni apemphe kuyezedwa malungo ngakhale sanayende.

Palinso nkhani ya obwerera kumudzi. Ife amene timalumidwa chaka ndi chaka, thupi limaphunzira kulimbana ndi malungo pang'ono. Munthu akakhala zaka kumalo kopanda malungo, mphamvu imeneyi imachepa. Amabwera pa Khirisimasi, mvula ili mkati, udzudzu uli ponseponse. Mum'patsa neti, iye amaseka, amvekere, "Ine ndinabadwira konkuno." Ana ake obadwira ku Joni ndiye alibiretu chitetezo chilichonse.

Mlendo wotere mum'mangire neti usiku woyamba. Ndipo potsazikana mum'kumbutse kuti malungo saonekera tsiku lomwelo. Amayamba pakatha sabata imodzi kapena kuposa chilumidwire, nthawi zambiri iye atafika kale ku Joni.