Simone Forti

Simone Forti ndi katswiri wa magule, wojambula komanso mlembi wa ku America. Anabadwa pa 25 Malichi 1935 mumzinda wa Florence ku Italy. Amadziwika chifukwa chophatikiza luso la kuvina, luso la zosema ndi nkhani za m'nyuzipepala m'ntchito zake.

Ubwana ndi maphunziro

Makolo ake anali Ayuda. Mu 1938 boma la Benito Mussolini litakhazikitsa malamulo osala Ayuda, banjali linathawira ku Switzerland, kenako linakakhazikika ku Los Angeles m'dziko la America. Forti anaphunzira pa Reed College koma sanamalize. Anasamukira ku San Francisco pamodzi ndi mwamuna wake Robert Morris, yemwe pambuyo pake anatchuka ndi zosema. Kumeneko anaphunzira kwa Anna Halprin kavinidwe kongopeka pomwepo, kopanda masitepe oloweza. Mu 1959 awiriwa anapita ku New York.

Gule ngati chosema

Mu 1960 ndi 1961 Forti anaonetsa ntchito zomwe anazitcha Dance Constructions, kutanthauza magule omangidwa ngati chinthu. Zina anazionetsa m'nyumba ya Yoko Ono mu 1961. Mu Slant Board, anthu amakwera ndi kutsika pathabwa lalikulu lopendekeka atagwira zingwe zomanga mfundo. Mu Huddle, anthu 6 kapena 7 amawerama atakolekerana manja n'kupanga kaphiri, ndipo mmodzimmodzi amatuluka, n'kukwera pamsana pa anzake, n'kutsikira mbali ina. Palibe ng'oma kapena zovala zapadera. Oonerera amazungulira ovinawo monga momwe munthu amazungulira chiboliboli kuti achione mbali zonse. Ntchitozi zinathandiza kufalitsa maganizo akuti kuyenda, kukwera ndi kunyamulana nakonso ndi gule.

Kuvina nkhani

Bambo ake atamwalira, m'zaka za m'ma 1980, Forti anayamba magule otchedwa News Animations. Bambowo ankakonda kuwerenga nyuzipepala, ndipo Forti amanena kuti kutsatira nkhani n'kumene kunawathandiza kuona zoopsa zikubwera, n'kutulutsa banja lawo mu Italy nthawi ikadalipo. Choncho iye anatenga udindo wowerenga nkhani m'malo mwawo. M'magulewa amalankhula uku akuyenda, kugwa kapena kukwawa, pofotokoza za nkhondo, ndale, mafuta ndi chuma. Nthawi zina amayala nyuzipepala pansi, n'kuzipinda kapena kuziunjika kuti zikhale ngati mapu. Cholinga sikulengeza nkhani monga achitira mtolankhani, koma kuonetsa momwe munthu wamba amavutikira kumvetsa zimene wawerenga.

Kusunga ntchito zake

Mu 2015 nyumba yosungiramo zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inagula Dance Constructions. Popeza gule sangaikidwe m'kabati, nyumbayi inatenga ufulu woonetsa magulewa pamodzi ndi malangizo olembedwa ndi mavidiyo ophunzitsira. Kuti ntchitozi zisafe, pamafunika anthu oziphunzira ndi kuphunzitsanso ena.

Forti analemba buku la Handbook in Motion, lomwe linatuluka mu 1974, ndipo anaphunzitsa kwa zaka zambiri pa yunivesite ya California ku Los Angeles. Mu 2023 analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse pa magule.