Chotupa Chobisala M'mnofu wa Chifu

Munthu wa ku Magodi, kufupi ndi Lundazi, akamadandaula kutentha pamtima, kukhuta msanga ndi kuchepa magazi, ambiri amathamangira kunena kuti ndi zilonda za m'mimba, ndipo nthawi zambiri amalondola. Koma pali ena omwe mankhwala a zilonda sawagwira, chimbudzi chawo chimada bii ngati makala, thupi likungotha. Mwa anthu otere muli ochepa omwe ali ndi chotupa chotchedwa GIST. Chimenechi chimamera mkati mwa mnofu wa chifu, m'maselo omwe amayendetsa kufinya kwake pogaya chakudya, ndipo pa zotupa khumi za mtunduwu, pafupifupi zisanu ndi chimodzi zimapezeka m'chifu. Dokotala akalowetsa kapaipi ka kamera kukhosi amangoona kachitunda kosalala, ndipo kanyama komwe amatapa pamwamba kukapima kamatuluka kabwinobwino, chifukwa matenda ali pansi pake. Chomwe chimaonetsa kukula kwake, malo ake, ndiponso ngati chafalikira ku chiwindi, ndi makina a CT. Ndiye vuto ndi mtunda wokafika ku zipatala zazikulu: kuchoka ku Lundazi kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo Cancer Diseases Hospital, yomwe inatsegulidwa mu 2007, ili ku Lusaka. Mlimi sangagulitse chimanga chake chonse kuti ayende ulendo wotere popanda chomutsimikizira. Chitsimikizocho chingachokere ku sikani wamba, yomwe amayi oyembekezera amaidziwa bwino. Wodwala akamwa madzi okwanira kuti chifu chifutukuke, wopima waluso amatha kuona chotupa chachikulu, ndipo chithunzicho chimapatsa kalata yotumizira wodwala mphamvu yomwe mawu okha alibe.

Ena anganene kuti matendawa ndi osowa kwambiri, anthu 10 kapena 15 okha pa miliyoni chaka chilichonse, pomwe malungo akudzaza mawodi. Zoona, ndipo palibe akupempha kuti aliyense womva m'mimba ajambulidwe. Tikunena za yekhayo amene wamaliza mankhwala a zilonda koma magazi akupitirira kuchepa; sikani yomweyo ingathe kugwiranso matenda a chiwindi kapena a ndulu, omwe si osowa konse. Enanso amati sikani siona bwino pamene pali mpweya, ndipo timatupa tating'ono imatiphonya. Izinso n'zoona, choncho sikani ikapanda kuonetsa kanthu wodwala asauzidwe kuti ali bwino. Funso lolemera ndi lakuti, kudziwa kupindulanji ngati mankhwala kulibe? Pa GIST alipo. Mu 1998 gulu la Seiichi Hirota ku Japan linapeza kuti zotupa zambiri zotere zimayamba ndi kusokonekera kwa jini yotchedwa KIT, ndipo mu 2002 mapiritsi a imatinib, omwe amatseka njira yomwe jiniyi imakulitsira chotupa, anavomerezedwa ku America pochiza matendawa. Chotupa chikapezeka chisanafalikire, opaleshoni yodula kachigawo ka chifu nthawi zambiri imakwanira, munthu n'kubwerera kwawo akudya nsima monga kale.