Ayuda otsina Israel khutu

Mu Meyi 1953 apolisi a atsamunda anafika ku Lizulu kudzatenga Inkosi Philip Gomani II. Mlandu wake unali wouza Angoni a ku Ntcheu kuti asamvere malamulo a boma, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Inkosi inali ikudwala, koma anthu ake anaitchinga mpaka inadutsa malire kulowa kwa Apwitikizi. Inali ndi mwana wake Willard komanso mzungu mmodzi, wansembe wa Anglican wochokera ku Britain, Michael Scott. Apwitikizi anawabweza. Atsamunda anamupitikitsa Scott m'dziko muno, ndipo Gomani anamwalira mu 1954 kuchipatala cha Malamulo.

Kwa azungu ofuna chitaganya, Scott anali wogulitsa mtundu wake. Kwa anthu a ku Ntcheu anali munthu amene anaona cholakwa nakana kukhala chete, ngakhale olakwawo anali abale ake.

Pa nkhondo yomweyo ya chitaganya panali Ayuda awiri oima mbali zosiyana. Roy Welensky, mwana wa Myuda wochokera ku Lithuania, anachilimbikira chitaganya mpaka anakhala nduna yaikulu yake kuyambira 1956 kufika 1963. Simon Zukas, Myuda wobadwira ku Lithuania komweko, anagwirizana ndi anthu akuda a ku Northern Rhodesia pochikana. Atsamunda anamutsekera, kenako mu 1952 analamula kuti achoke m'dzikomo. Zambia italandira ufulu anabwerera, nakhala nduna ya boma patapita zaka, ndipo anamwalira ku Lusaka mu 2021. Ku South Africa zinalinso chimodzimodzi pa mlandu wa Rivonia: woimira boma, Percy Yutar, anali Myuda, ndipo Denis Goldberg, amene anagamulidwa limodzi ndi Nelson Mandela nakhala m'ndende zaka 22, analinso Myuda.

Mbiriyi ikufunika lero chifukwa Amalawi ambiri tikamva dzina la Israel timangoona chinthu chimodzi: Abrahamu, Mose, Davide, asilikali a lero ndi boma la Benjamin Netanyahu, zonse m'thumba limodzi. M'mapemphero timakumbutsana lonjezo la Mulungu kwa Abrahamu, ndipo munthu akafunsa za ana ofera ku Gaza ena amamuyang'ana ngati akuputa tsoka. Boma nalo lakhala panjira imodzi kuyambira kale. Kamuzu Banda anapalana ubwenzi ndi Israel mu 1964, alangizi a kumeneko anathandiza kuphunzitsa Apayoniya, ndipo mu 1973 maiko ambiri a mu Africa atathetsa ubale ndi Israel, Malawi sanagwedezeke. Mu Epulo 2024 tinatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv.

Komatu Ayuda eni akewo akhala akutsutsana pa nkhaniyi zaka zoposa 100. Zionism, yomwe sikhudzana ndi mipingo ya Ziyoni ya kwathu kuno, ndi gulu landale lofuna kuti Ayuda akhale ndi dziko lawolawo ku Palestine. Theodor Herzl anaitanitsa msonkhano wake woyamba ku Basel mu 1897. Chaka chomwecho, ku Vilna, Ayuda apantchito anayambitsa gulu la Bund, lomwe linkati Myuda amenyere ufulu wake pomwe wabadwira. Mu 1917, Britain ikukonza kalata ya Balfour yolonjeza Ayuda malo ku Palestine, nduna imene inaikana kwambiri inali Edwin Montagu, Myuda yekhayo m'nduna za boma limenelo. Atsogoleri ena achiyuda okhwima pa chipembedzo amakhulupirira mpaka pano kuti ufumu wa Israel udzabwera ndi Mesiya, osati ndi mfuti.

Tisabise: otsutsawa ndi ochepa. Ayuda ambiri padziko amaona Israel ngati pothawira, ndipo ali ndi chifukwa. Hitler anapha Ayuda 6 miliyoni pamene maiko ambiri anali atawatsekera zitseko. Pa 7 Okutobala 2023 a Hamas anapha anthu pafupifupi 1,200 ndi kugwira ena pafupifupi 250. Mmodzi mwa ophedwawo anali Vivian Silver wa ku Be'eri, mayi wachikulire amene ankanyamula odwala a ku Gaza pagalimoto yake kupita nawo kuzipatala za ku Israel. Palibe chonena chimene chingayeretse magazi amenewo.

Chimene otsutsawa akukana n'chakuti misozi ya mtundu umodzi ikhale chilolezo chogwetsera nyumba za mtundu wina. Amakumbutsa kuti mu 1948 Apalestina oposa 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo ndipo sanaloledwe kubwerera. Amakumbutsanso kuti pofika mu Julaye 2025 unduna wa zaumoyo ku Gaza unali utawerenga anthu ophedwa oposa 60,000. Ronnie Kasrils, Myuda amene anamenya nkhondo yolimbana ndi tsankho ku South Africa nadzakhala nduna, anatsogolera mu 2001 kalata imene Ayuda a m'dzikomo anasayina pokana kuti zochitika ku Palestine zizichitidwa m'dzina lawo. Goldberg uja atatuluka m'ndende mu 1985 anayamba wafikira ku Israel, kumene kunkakhala mwana wake, koma sanakhalitse, ndipo mpaka imfa yake mu 2020 ankanena poyera kuti zimene Apalestina akukumana nazo zikumukumbutsa za kwawo.

M'kati mwa Israel momwemo muli bungwe la B'Tselem, lomwe kuyambira 1989 lakhala likulemba nkhanza zochitikira Apalestina. Mu 2021 linati ulamuliro wa kumeneko ndi apartheid, ndipo mu Julaye 2025 linati zochitika ku Gaza ndi kupulula mtundu, mawu amene boma la Israel limawakanitsitsa. Kuli Breaking the Silence, gulu la asilikali akale amene kuyambira 2004 amaulula zimene anachita ndi kuona ku Hebron ndi malo ena. Tal Mitnick, mnyamata wa zaka 18, anakana usilikali mu Disembala 2023 ndipo anakhala m'ndende ya asilikali pafupifupi theka la chaka.

Ondigwira mtima kwambiri ine ndi a Rabbis for Human Rights, gulu la atsogoleri achipembedzo cha Chiyuda. Chaka ndi chaka, mu Okutobala ndi Novembala, nyengo yokolola azitona ikafika, amapita kuminda ya Apalestina ku West Bank. Amayala malona pansi pa mitengo, kukwera makwerero, kupulula zipatso ndi manja limodzi ndi eni munda. Cholinga n'chakuti Aisraeli olanda malo akabwera ndi zibonga kapena mfuti apeze Myuda mnzawo ataima pamenepo. Ena mwa iwo amenyedwapo. Mlimi wa ku Tsangano kapena ku Njolomole safunika womumasulira kuti munda wa makolo n'chiyani, ndipo nkhani ya Naboti, amene mfumu Ahabu inamulanda munda wamphesa, amaidziwa. Amene anakadzudzula Ahabu anali Eliya, Mwisraeli mnzake. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Nkhaniyi yafika kale pakhomo pathu. Mu Novembala 2023, mwezi womwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, achinyamata 221 anakwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ena n'kumatsatira pambuyo. Malo anapezeka chifukwa antchito ambiri a ku Thailand anali atathawa nkhondo, ndipo Apalestina ogwira ntchito ku Israel anali atalandidwa ziphaso. Sindingamudzudzule mnyamata amene wapita. Aliyense amene waimapo pamsika wa Lizulu madzulo, n'kuona milu ya tomato ikufewa padzuwa, mwini wake akuthamangira basi iliyonse ndi beseni pamutu, akudziwa chimene chimamukankha. Koma kholo lotsanzikana ndi mwana wake lili ndi ufulu wodziwa kuti akukalowa m'malo mwa yani, komanso kuti ophunzira zaulimi awiri a ku Tanzania anali m'gulu la ophedwa pa chiwembu cha 7 Okutobala.

Ntcheu imadziwanso za othawa kwawo. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, mabanja ochokera ku Angonia ankangodumpha msewu n'kumanga zisakasa m'midzi ya kuno, mpaka dziko lonse linasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi. Mtendere utabwera mu 1992 anabwerera kuminda yawo. Zidzukulu za Apalestina a 1948 zikadali m'misasa ku Lebanon, ku Jordan ndi ku Gaza.

Mu Julaye 2024 khoti la padziko lonse ku The Hague linati kukhalabe kwa Israel m'madera a Apalestina n'kosemphana ndi malamulo. Pa 18 Seputembala chaka chomwecho maiko 124 ku United Nations anavomereza kuti Israel ichokemo pasanathe miyezi 12. Maiko 14 anakana, ndipo la mu Africa linali limodzi lokha: Malawi. Voti imeneyo inaponyedwa m'dzina la anthu a ku Ntcheu ndi maboma ena onse, ndipo aphungu awo ayenera kuimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kufunsa nduna yoona za ubale ndi maiko akunja kuti chifukwa chake chinali chiyani.